Chitenje Chomwe Ndinakhoma Pakhoma

Ndinene zoona, chitenje cha kutchalitchi chomwe ndinakhoma m'chipinda mwathu ku Chinsapo sichinali chokongoletsera. Kuseri kwake khoma lonse lada ndi chuku, chifukwa madzi a mvula amalowerera m'njerwa. Ndinakwecha ndi sopo, ndinapaka laimu, koma chimangobwereranso. Nditamva kuti apongozi anga akubwera kuchokera ku Dedza, ndinathamangira misomali.

Atalowa m'chipindamo anamwetulira. "Amake Tadala, mwanayu azigona apa, pansi pa nsalu ya Mulungu." Anakoka kamatiresi kake n'kukagunditsa kukhoma lomwelo. Ine, ndi pakamwa panga pomwepa, ndinati, "Chabwino, amayi."

Sipanatenge nthawi, Tadala anayamba kubanika, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka. Kuchipatala anesi anandifunsa ngati m'nyumba mwathu muli chinyontho. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anandiyankhira. "Ayi, mpongozi wangayu ndi waukhondo, m'nyumba mwake ngakhale ntchentche imachita manyazi." Ine ndinangogwedeza mutu ngati gulo.

Mankhwala tinalandira, koma mwana akubanikabe. Alandilodi akuti adzakonza khomalo chilimwe, ndipo kwina kosamukira tilibe. Lero m'mawa apongozi akumwa tiyi, ndinawaitana n'kuzula misomali ija. Anayang'ana khomalo nthawi yaitali, kenako anamutenga Tadala n'kumubereka okha.

"Ndiye kuti masiku onsewa womugoneka apa ndine," anatero chapansipansi.

Mpaka pano sanandikalipire. Bola akanandikalipira.