Olinda ndi phazi la a Bwanausi

Olinda Efraimu anabwerera kwawo kuchokera ku Malawi mu 1994, nkhondo ya m'dziko lawo itatha. Kutsuka zilonda anakuphunzirira kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo atabwerera anakamaliza maphunziro a unamwino n'kuyamba ntchito pachipatala cha ku Insaca.

Ankadziwika ndi chinthu chimodzi. Wachikulire aliyense, kaya wabwerera chifuwa kaya mutu, ankamuuza kuti avule nsapato, n'kugwira pamwamba pa phazi kuti amve ngati mtsempha ukugunda. Ankati miyendo imene inapita ndi mabomba okwirira inakwana, yotsalayi ikhale ndi eni ake.

Tsiku lina kunabwera a Bwanausi, amene ankatenga nsomba kunyanja ya Amaramba panjinga kukagulitsa kumsika. Anadandaula kuti katumba wa mwendo wakumanzere amawapweteka akamapalasa, akapuma n'kusiya. Olinda anapeza phazilo lili lozizira, ndipo pachala chachikulu panali chilonda cha miyezi iwiri. Anawafotokozera kuti mitsempha yachepa njira, magazi sakufika bwino kuphazi, ndipo fodya amene ankasuta ndiye ankawonjezera vutolo.

A Bwanausi anafunsa kuti, "Ndiye mudula?"

"Mukandimvera, bambo, mwina sitifika kumeneko. Koma fodya musiye."

Sanasiye tsiku lomwelo. Zinatenga miyezi itatu, komanso akazi awo a Mastura, amene ankati akamupeza m'thumba amakamutaya kudzala. Olinda anawalembera a Bwanausi kalata, ndipo iwo anakwera chapa, minibasi ya kumeneko, kupita ku Cuamba, kumene dokotala anawapezanso ndi matenda a shuga n'kuwapatsa mapiritsi. Lachiwiri lililonse ankabwera kudzatsukitsa chilonda. Poti a Bwanausi anali Msilamu wosaphonya swala, Olinda anawauza kuti akamasambitsa mapazi asanapemphere aziyang'ana pakati pa zala, aziumitsa bwino, ndipo asamayendenso opanda nsapato pagombe.

Chala chija sichinapulumuke, anakachichotsa ku Cuamba. Koma bala linapola mvula isanathe, ndipo phazi ndi mwendo zinatsala. A Bwanausi anayambiranso kupalasa, akupuma kawiri panjira pamene kale ankangodutsa.

Olinda anagwira ntchito zaka zina zambiri. Si onse amene anawapulumutsa, ndipo amene anafika mochedwa amawakumbukira mayina mpaka lero. Panopa anapuma, amalima chimanga ndi nandolo kuseri kwa nyumba yake. Anamwino awiri amene anawaphunzitsa amabwera Loweruka kudzacheza, ndipo nthawi zambiri amachoka atanyamula maungu.