Ababa akugawira aganyu mapiritsi awo a mtima

Loweruka lapitali ndinapita kwathu kwa Wimbe kukaona makolo. Ndinapeza ababa ali m'chigafa, akusankha fodya ndi aganyu atatu. Tisanathe n'komwe kulonjerana, mayi wina mwa aganyuwo anagwira pamphumi, akudandaula kuti fungo la fodya lamuyambitsa mutu. Ababa anapisa m'thumba la jekete, kutulutsa kabotolo, n'kumuninkha mapiritsi awiri.

Kabotoloko ndinakazindikira, poti ndinawagulira ndine.

"Ababa, amenewotu ndi anu a mtima!"

"Ndi asipirini uyu, mwanawe," anatero akuseka. "Wa mutu. Ine mutu sukundipweteka, mtimanso unaleka kalekale. Ndiziumira anzanga akuvutika?"

Amayi anga anandikokera kuseri n'kundinong'oneza kuti chiyambireni kusankha fodya, ababa sanamwepo ngakhale limodzi. Masabata atatu athunthu!

Zaka zingapo zapitazo ababa anagwa ali m'munda, pachifuwa patawathina. Mwamwayi anatumizidwa kuchipatala cha kunja kwa dziko lino, ine n'kupita nawo kukawadwazika. Kumeneko madokotala anaika kachubu kawaya, kamene amati sitenti, mumtsempha wa mtima womwe unatsekeka, kuti magazi azidutsa. Dokotala anandibwerezera mpaka ndinatopa naye. Ankati kawayako sikachoka, ndipo magazi angathe kuundana m'kati mwake ngakhale patapita zaka, makamaka munthu akasiya mankhwala. Zikatero mtsempha umatsekeka nthawi yomweyo, osayamba wachenjeza. Kapiritsi ka tsiku ndi tsiku kaja ntchito yake ndi kutchinga zimenezo.

Nanga ababa ndiwanene kuti chiyani? Ndi mbuli? Ayi ndithu, ndi mkulu wa mpingo, amawerenga nyuzipepala mpaka zamaliro zomwe. Akungochita zimene tonsefe tinakula nazo. Kwathu kuno mankhwala timamwa pomwe papweteka. Ululu ukatha, otsalawo ndi a mudzi wonse. Inu simunapemphepo mapiritsi awiri kwa aneba? Simunasiyepo a malungo tsiku lachiwiri kuti ena musungire mwana?

Ndiye munthu wozolowera choncho mukamuuze kuti azimwa mankhwala ali bwinobwino, akupalasa njinga mpaka ku Lisasadzi? Amaona ngati kuwononga. Ndipo kumana mnzako kanthu koti kali m'thumba, kwa ababa ndi tchimo lenileni.

Achipatala nawonso ndili nawo mawu. Amalemba pakathumba kuti kamodzi patsiku, basi. Bwanji osamuuza munthu m'Chichewa chomveka kuti asipirini uyu kwa inu si wa mutu, ndipo si wogawana?

Ndinawachonderera ababa kuti tinyamuke, dokotala akawaone. Anakaniratu. Akuti fodya akauma kwambiri amafumbutuka m'manja, ndiye chipatala chidikire mabelo achoke, mwina masabata awiri. Ndinakalipa, ndinalira, aganyu n'kumangoyang'ana pansi. Chomwe ndinapindula n'chakuti anameza limodzi pamaso panga, ndipo kabotolo tsopano akusunga ndi amayi.

Koma mtima wanga suli m'malo. Sindikudziwa chimene chachitika m'kawayako masabata atatu amenewo, ndipo kuchigafa kulibe angadziwe. Utatsekeka mtsempha uja lero, galimoto ya kwa Wimbe ingawafikitse nthawi yanji kwa munthu wodziwa kuutsegula?

Chibwerereni kumudziko Lamulungu, foni ikalira n'kuona kuti ndi amayi, ndikumaiyang'ana kaye ndisanayankhe.