Mkamwini wa Dzanja Limodzi ndi Galu Wake Nyozani

M'chaka cha 1955, Yoramu anabwerera ku Mualadzi kuchokera ku chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda, dzanja lake lamanja litafa. Mwala unamuphwanya zala pokonza msewu, ndipo kapitawo anangomuuza kuti azipita, analibenso naye ntchito.

Yoramu anali mkamwini. Ankakhala kwawo kwa mkazi wake Elesi, ndipo ana awo awiri, Hana ndi mng'ono wake, anali a kuchikazi monga mwa mwambo. Mkamwini amadziwika ndi khasu, koma iye khasulo linkamupulumuka asanamalize mzere woyamba.

A Kalekeni, malume ake a Elesi, sanazungulire.

"Bambo, pano sitisunga munthu wongodya. Mvula ya chaka chamawa ikadzagwa mulibe chotionetsa, muzidzapita kwanu. Ana atsala."

Mawu omalizawo anamupweteka kuposa mwala uja.

Masiku omwewo galu wa pamudzipo anaswa. Kamwana kena kanali koonda, nkhupakupa thoo m'makutu, ndipo palibe anakafuna. Yoramu anakatola. Anthu anaseka, ati opunduka apezana. Iye anangokatcha dzina loti Nyozani.

Maganizo anali nawo pa kagaluko. M'deralo nkhanga zinali mliri. Ukadzala chimanga lero, mawa umapeza maenje okhaokha, mbewu zitafukulidwa.

Yoramu anayamba ndi kukachotsa kagaluko nkhupakupa ndi kukasambitsa kumtsinje. Kenaka anamanga phiko la nkhwali ku luzi, n'kumalikoka mu udzu, kulibisa, kuti kagaluko kalipeze ndi mphuno. Nayenso ankaphunzira kuponya chibonga ndi dzanja lamanzere, akulunjika chitsa. Kunena zoona, miyezi itatu yoyamba chitsacho chinakhala pa mtendere.

Nyozani atakula, alenje a pamudzi anabwera ndi nzeru yawo yakale. "Galu wokhuta sasaka. Mum'mane chakudya masiku awiri, mudzaona." Yoramu anamvera.

Tsiku loyamba kutchire, Nyozani anagwiradi nkhwali. Koma anathawa nayo, n'kubwerako ndi nthenga zokha kukamwa. Sabata isanathe anapha nkhuku ya amayi ake a Elesi.

"Odya aja tsopano akwana awiri," anatero a Kalekeni. "Mupheni galuyo."

Elesi anapeza mwamuna wake kuseri kwa nyumba, atakhala pansi, galu ali pa chingwe.

"Ndiye mutani, bambo a Hana?"

"Ku chibalo ankatimana chakudya, ati tikakhuta tichita ulesi," anayankha Yoramu. "Ineyo ndinazula chinangwa m'munda wa eni ake. Sindinali wakuba, inali njala. Galuyu ndamuchita zomwe anandichita ine."

Anakapepesa kwa apongozi ake, napempha mwezi umodzi. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chake ankachigawa pawiri. Ankayenda ndi Nyozani pa chingwe pakati pa nkhuku, ndipo galu akangotukula makutu, iye amvekere, "Leka!" Galuyo akabweretsa phiko lija n'kulisiya pamapazi, ankalandira kambamu ka nsima pompo. Akalitafuna, sankamenyedwa, ankangoyambiranso. Zinali zotopetsa, ndipo Yoramu anaonda.

Mvula inagwa, anthu anadzala, nkhanga zinatsika. M'mamawa wina Nyozani, ali wokhuta bwino, anavumbulutsa gulu lonse m'munda wa Elesi. Zinathawira mumtengo, iye n'kumauwa pansi pake. Nkhanga ikamayang'ana galu imaiwala munthu. Chibonga choyamba chinaphonya, chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinagwetsa yaikulu.

Nyozani anaitola. Yoramu anaima mtima uli m'mwamba, chifukwa ankadziwa kuti galuyo akathawa nayo, basi, ana ake watsanzikana nawo. Galu anabwera pang'onopang'ono, naisiya pamapazi ake, yathunthu.

Chaka chimenecho chimanga cha Elesi chinamera mizere yodzaza, ndiwo pakhomo osasowa. A Kalekeni anadzala kawiri, kawiri konse nkhanga zinawathokoza.

Kachitatu anafika ndi chingwe, ati abwereke galu. Anakoka, anaimba mluzu, ananyengerera. Nyozani anangokhala pansi, maso ali kwa mbuye wake.

"Kodi galuyu samvera wina?"

"Amamvera amene anamulera, apongozi."

A Kalekeni anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Ndiye mawa mubwere naye kumunda kwanga. Ndipo nkhokwe yanu mumange apa, pafupi ndi yathu."

Yoramu anakalambira pamudzi pomwepo. Hana atakwatiwa, bambo ake analipo.

Inu amene mukuwerenga, mwina chimene munkadalira chinaphwanyika, ndipo anthu akuwerengerani kale masiku. Yang'anani chimene chatsala, ngakhale chikhale chonyozeka, muchiphunzitse mofatsa. Mukalakwitsa, vomerani, mukonze. Ndipo chimene mukufuna kuti chidzakupulumutseni, musachigoneke ndi njala. Osataya mtima.