Mapazi Anga pa Msewu wa ku Kawale

Malemu amayi anga anandichenjeza ndili mtsikana: "Ukadwala, anthu asamaone mayendedwe ako. Wodana nawe amatapa dothi pamene wapondapo, mwendo n'kuuma." Mawu amenewa ndinawasunga mpaka imvi, ndipo anatsala pang'ono kundichotsa m'nyumba yanga.

Zinayamba ndi kapu. M'nyengo yozizira ya 1996, ndikumwa tiyi m'mawa, kapu inangopulumuka m'dzanja lamanzere. Sindinauze munthu. Mawa lake mwendo unayamba kulemera, pakamwa n'kupotoka. Ndinadzitsekera m'nyumba, ndikusinkhasinkha za aliyense amene akanandichita chipongwe. Kenako ndinagwa. Ndinagona pasimenti ndikumva anthu akupita kumpopi, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa, mpaka mwana wanga Fuledi atabwera kuchokera ku Area 25 n'kuthyola chitseko.

Kuchipatala adokotala anati ndi sitiroko, bipi inakwera kalekale. M'mawa uliwonse ankatiyeza, kutigawira mapiritsi, kenako kudikira. Piritsi lililonse ndinkayamba ndalitembenuza ndisanameze. Mayi amene anagona bedi loyandikana ndi langa anatuluka atamufunditsa nsalu kumutu. Kuyambira pamenepo tulo tanga tinali ta mbalame.

Ndisanatuluke ananditengera kwa namwino wa mafizo kuti aone mphamvu zimene zatsala. Anandiuza kuti ndimufinye zala, ndidzuke pampando osagwira paliponse, kenako ndiyende m'khonde ndikulankhula. Pomaliza anandigwira pamkono kumvetsera kugunda kwa mtima.

"Agogo, muziyenda tsiku lililonse," anatero. "Muyambe pafupi, muziwonjezera pang'onopang'ono. Ngati mukutha kulankhula mukuyenda, mtima ukukwanitsa. Mawu akayamba kuduka, pumulani."

Fuledi anaika lake lamulo. Mvula ikadzagwa ndisanathe kuyenda ndekha mpaka kutchalitchi, adzandisamutsira kwawo, m'nyumba muno aikemo alendi. Nyumba imene tinaumbira njerwa ndi malemu amuna anga! Ine ndizikadikira chakudya m'manja mwa mpongozi, kuseri kwa mpanda?

Zodzuka pampando zimene namwino anandiuza ndinkachita mokhulupirika, kansalu kolimbitsira zala kufinya ndinkafinya. Koma panja ayi. Ndinkangoyenda kuchoka pabedi kufika pachitseko, makatani ali otseka. Nditabwerera kokayezedwa, manja anali atalimba, kudzuka ndinadzuka bwino. Koma m'khonde muja mawu anandithera pakati, mtima ukugunda ngati utuluka.

"Manja ndi mawondo mwawaphunzitsa, mtima simunauphunzitse," anatero namwino. "Thupi limazolowera ntchito yokhayo imene mukulipatsa. Panja simukutuluka, eti?"

Ndinamuuza za amayi anga. Sanaseke. "Za dothi sindizidziwa, agogo. Chimene ndimaona muno n'chakuti mwendo wosayenda umauma wokha, popanda wotapa."

Fuledi, amene anandiperekeza tsikulo, anakaulula nkhaniyi kwa Abiti Saidi, mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi kwathu, yemwenso ndinkamukayikira kuposa onse. M'mawa mwake anafika ndi tsache.

"Anaphiri, tulukani! Inu patsogolo, ine ndizisesa m'mbuyo. Mukachedwa ndikusesani pamodzi ndi mapazi anuwo."

Ndinatuluka, diso limodzi panjira, lina kuyang'ana ngati akuika dothi m'chitenje. Sanaike. Tinayamba ndi pampopi. Titazolowera tinafika pagolosale, kenako pachigayo. Iye ankandiputa dala kuti amve ngati mawu akutuluka, ndipo ndikasiya kumuyankha ankandikhazika pamwala. Tsiku lina ndinachita changu, kuwirikiza mtunda, n'kugona mawa lake lonse. Sindinabwerezenso.

Mvula yoyamba inandipeza ndikuchokera kutchalitchi ndekha, ndodo m'manja. Fuledi za alendi sanazitchulenso.

Lero mapiritsi ndikumwa, kukayezetsa ndikupita. Kukazizira mwendo umalemera, ndipo adokotala anandiuza poyera kuti matendawa amatha kubwerera. Kapu ikangogwedera m'dzanja, mtima umandithawa. Inu anzanga, dzanja likachita dzanzi kapena pakamwa pakapotoka, musayambe kufufuza adani. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Abiti Saidi ndinamuuza kuti asiye tsache lija. Kutapa ndikuopabe, koma simenti ija ndimaiopa kwambiri. Mapazi anga ndi osasowa: phazi limodzi, mkwasa wa lokokedwalo, ndi kabowo ka ndodo pambali. Inu odutsa pa Kawale, dzuwa likakwera musanawaone pakhomo panga, chonde gogodani. Koma muyambe mwatchula dzina lanu. Munthu wosamudziwa sindimutsekulira.