Bawuti Yopindika ya Mlatho wa ku Dambe

Pazenera la nyumba ya mayi mpaka lero pali bawuti yopindika. Inapindika ndili mu Sitandade 4, nyengo yokumba mtedza, chaka chimene malume anamanga zotchingira m'mbali mwa mlatho wathu wamatabwa ku Dambe.

Anthu ankati angokhomera mizati ndi misomali pamatabwa apamwamba, ntchito ithe. Malume anakana. Analowa kunsi kwa mlatho, madzi m'mawondo, n'kumangirira mzati uliwonse ndi mabawuti ku mitengo ikuluikulu ya bulugama yonyamula mlathowo. Utuchi wake unkanunkhira ngati mankhwala a chifuwa.

Ife ana tinapeza katungwe waulere! Tinkalendewera pamtanda wapamwamba mwina asanu, mwina asanu ndi awiri, mtandawo n'kuwerama pang'ono n'kubwerera, ife tikukuwa ndi chimwemwe. Aphunzitsi ankatithamangitsa ndi kamtengo, koma malume ankangoseka amvekere, "Asiyeni, akundiyesera ntchito." Lero ndikuona kuti aphunzitsi sankalakwa, komatu nditabwerera ku ubwana ndingakalendewerenso.

Tsiku lina ngolo yathu inkachokera kumunda itadzaza matumba a mtedza, mayi atakhala pamwamba pake. Ine ndinali nditatsogola wapansi. Pakati pa mlatho ng'ombe imodzi inadzidzimuka ndi njinga yamoto. Tayala linaterereka, ngolo yonse n'kutsamira chotchingira. Thabwa linalira kweee! Mtanda unawerama kuloza kumtsinje, mzati n'kupendekeka, thumba limodzi khuvu m'madzi. Kenako zii. Chotchingira chinagwira.

Ndinalumphalumpha kutsidya, ndikufuula kuti mlatho wa malume wagonjetsa ngolo ndi ng'ombe zomwe. Ndinkafuna anzanga onse amve. Mayi anatsika, mpango uli m'manja, n'kukhala pansi pafumbi.

Masana omwewo malume analowanso kunsi kuja n'kuzula mzatiwo, ngakhale unkaoneka wabwinobwino. Zinandipweteka mtima. Ngwazi yotere aitaye? Anandionetsa mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, woyambira pabowo la bawuti. "Wagwira kamodzi, kachiwiri sungagwire," anatero.

Bawuti ija anakaipereka kwa mlongo wawo, mayi anga, manja akunjenjemera. Ine ndinaganiza kuti azizidwa ndi madzi, ndipo ndinathamangira kunyumba kukawatengera jekete.