Timiyala ta Amayi Aang'ono Tafika ku Kawale

Moni nonse akuluakulu, pepani ndilembako zambiri pang'ono.

Amayi aang'ono atuluka m'chipatala lero, tafika bwino ku Kawale. Opaleshoni yochotsa ndulu ija inayenda bwino. Akuyenda pang'onopang'ono atagwira pamimba, ndipo phala amwa lonse. Zamafuta adokotala aletsa kaye.

Potuluka, anesi anawapatsa kabotolo ka timiyala tomwe tinali m'ndulumo. Ndi tobiriwira, tina tatikulutikulu ngati nzama.

Paja Abambo aang'ono ankakonda kunena kuti m'mimba mwa akazi awo mumapweteka pokhapokha pakakhala zochapa. Titangokhala pansi, Amayi anawaitana, n'kuwagwedezera kabotolo kaja kukhutu.

"Bambo a Tadala, ulesi wanga uja ndi uwu. Mwaumva kulira kwake?"

Abambo anayang'anitsitsa timiyalato osaphethira. Kenako anati, "Mayi, zonsezi munkayenda nazo m'mimba? Pepani ndithu."

Panopa ali panja, akuchapa okha zofunda za kuchipatala, aneba akuonerera. Amayi akuti tisawaseketse, ulusi ungaduke.

Tsono iwo akufuna kabotoloka kakhale m'kabati ya makapu, poonekera alendo. Abambo akuchonderera kuti tikakwirire kuseri. Onse awiri andifunsa ine, koma ndaopa kuyankha. Inu mukuti bwanji?