Maliro amene amalume anatibera

Kanali kabuku kakang'ono, sedula ija, chiphaso cha kubadwa, kachikuto kotuwa, m'mbali modyedwa ndi mphemvu. Munalembedwa dzina la msuweni wanga, mwana wa amalume, koma amene anakaika m'thumba popita ku tropa, ku usilikali, anali achimwene anga. Ndikunena izi chifukwa mdzukulu wanga wagula kaderno, kope lolembamo, akuti akulemba mbiri ya banja lathu. Dzana wandiwerengera zimene wakopera pa kalata yakale, kuti msuweniyo anafera ku nkhondo. Aa! Munthu amene ndinamuona mwezi watha ku Chimbonila akugulitsa nyemba, chimimba chili uko! Kungoti anabwerera ndi dzina lina, ana sadziwa.

Zinayenda chonchi. Pepala loitanira anyamata ku tropa linabwera ndi dzina la msuweni. Achimwene analibe pepala lililonse, anabadwira kumudzi, palibe anawalembetsa. Bambo anali atamwalira, ndiye chonena amalume chinali chomwecho. Anapereka sedula ya mwana wawo kwa achimwene, mwana wawoyo n'kumuthawitsira ku Malawi. Anachoka m'sabata yomweyo onse awiri, ndipo anthu a kwathu ku Lulimile anauzidwa mosemphanitsa, kuti wa amalume ali ku tropa, wathu ali ku Malawi pa ganyu. Inenso anandiuza zomwezo. Achimwenewo ndevu zinali zisanamere n'komwe.

Kalata ya imfa inabwera nyengo yozizira. Kuzizira kwa Lichinga mukukudziwa, nkhungu mpaka dzuwa litakwera, mapazi athu ming'alu yokhayokha, tikupaka mafuta a nsatsi. Ana a lero ali ndi masokosi koma kudandaula kwake! Aphunzitsi ndiwo anaibweretsa, poti Chipwitikizi chovuta amawerenga ndi iwo. Anadutsa pakhomo pathu, anawapatsa moni amayi akupeta nyemba, n'kupitirira kwa amalume. Sindiwada aphunzitsiwo ayi, anatsata dzina.

Mtembo sunabwere, koma maliro anachitika, kwa amalume. Ndimakumbukira utsi wa nkhuni za paini ukutsokomoletsa anthu. Akazi a amalume anakhala pamphasa atafunda chitenje kumutu, anthu akubwera mmodzimmodzi kudzawagwira dzanja. Mwana wawo ali moyo, akudya ku Malawi! Amayi anga anawaika kumoto, azitakasa nyemba za opepesa. Ndinamva amalume akuwauza chapansipansi kuti, "Chemwali, mukangotsegula pakamwa, tonse tikathera ku kwartelo kwa asilikali." Pamene amayi anagwa pansi pafupi ndi mafuwa n'kuyamba kudzigubuduza, azimayi anawadzutsa mokalipa: "Dzigwireni inu! Mayi wake wakhala phee uko, inu ndiye mwatani?"

Mpaka lero ndikaganiza mtima umawira. Kutenga mwana wa mlongo wako, chabwino, inali nkhondo, mantha amachititsa zambiri. Koma kutenganso maliro ake? Kulandira mapepeso ake ndi manja awiri? Amalume anafa okalamba, mawu oti pepani sanawatulutse. Ndiye mdzukuluyo ndamuuza, fufuta zimenezo, kalatayo ndi yabodza ngakhale ili ndi karimbo, chidindo cha boma. Lemba dzina la achimwene anga, ine ndidakali moyo.

Tsiku lometa, ana onse a amalume anametedwa mipala. Ife sanatiitane. Masana amayi ananditengera kuseri kwa nyumba, lumo lili m'manja, anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kundinyowetsa mutu. Madzi ozizira anatsikira kumsana. Anagwira mutu wanga nthawi yaitali, lumo osandikhudza. Ine kutopa n'kudikira ndinafunsa ngati achimwene adzatibweretsere shuga pochokera ku Malawi. Amayi anaika lumo pansi n'kuyamba kundiluka tsitsi, mondikoka zedi.

Atamaliza ndinathamangira kwa amalume kukaonetsa anzanga ometedwa aja, ndikuwaseka mipala yawo. Ndinkadziona wamwayi, poti kwathu kunalibe amene wafa.